Munali ndani m'nyumbamu?

Kwathu munthu akadwala timafunsa kuti wadwala chiyani, koma funso limene limatisowetsa tulo ndi lachiwiri: wachita zimenezi ndani? Timakula nalo funso limeneli. Ngakhale ife opemphera, ife amene tinapitako kusukulu n'kuphunzira za tizirombo toyambitsa matenda, tsoka likagwa timapezeka tikuunguza nkhope yoti tiliikepo. Mtima wa munthu suvomera msanga kuti chinthu chowawa chingabwere popanda wochitumiza. Funsoli landizunguza mutu kuyambira pamene ndinalowa m'nyumba imene ndikukhala pano ku Leicester, ndipo amene analiutsa ndi mphaka amene sindinamuonepo ndi maso anga.

Nyumbayi ndi imodzi mwa nyumba zanjerwa zofiira zogundizana makoma, zimene zinamangidwa kalekale kuti muzikhala anthu ogwira ntchito m'mafakitale a masokosi ndi nsapato. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo aliyense amene anasakapo nyumba ya lendi kuno akudziwa kuti ukapeza yotsikirako mtengo sutaya nthawi ndi mafunso, chifukwa pambuyo pako pali anthu ena ambiri akuifuna. Ndinaiona masana, mawindo ali pululu, mukununkhira penti. Wondionetsayo anati yakonzedwa bwino ndipo kapeti yachapidwa ndi makina. Ndinalipira dipoziti ya masabata asanu, yomwe ndi malire amene lamulo la kuno limalola, n'kulandira makiyi.

Tsiku losamuka kunkazizira, ndiye ndinatseka mawindo onse n'kuyatsa mahita. Ndisanamalize kumasula makatoni, maso anayamba kuyabwa ndi kutuluka misozi, kenaka kuyetsemula kosalekeza. Pakati pa usiku chifuwa chinathina. Amene ali ndi mphumu akuudziwa mluzu uja umene umalira m'chifuwa ukamatulutsa mpweya, akudziwanso mmene umakhalira tsonga pabedi, manja pamaondo, mapewa m'mwamba, maganizo onse ali pa mpweya wotsatira. Ndinapopa inhela yanga yabuluu, zinapepukako, koma kusanache zinayambiranso. Mphumu ndinakula nayo, kungoti inali itagona kwa zaka zambiri. Ndikapita kuntchito, pofika masana chifuwa chinkatseguka. Ndikabwerako, kungokhala pampando, chinkayambanso.

Ndinayamba kuiyang'ana nyumbayo mwachifatse, chogwada. M'munsi mwa chitseko chakuseri munali kabowo ka ngodya zinayi kamene anakatseka ndi kathabwa n'kupakapo penti yoyera, koma mizere yake inkaonekabe. Pafelemu ya chitseko cha kukhitchini, kulekeza m'bondo, zala zanga zinamva timizere tambirimbiri totsika, tokandidwa m'thabwa, penti itangodutsa pamwamba. Kenaka ndinawongola waya wa hang'ala n'kuulowetsa kuseri kwa hita ya kuchipinda chogona. Unatuluka utakola chinthu chotuwa, chofewa, chogwirana, chotalika kuyambira kuzala mpaka pachigongono: ubweya wa zaka zambiri wosakanikirana ndi fumbi. Usiku uliwonse hita ikatentha, mpweya wofunda unkadutsa m'menemo n'kukwera kudzadzaza chipinda chimene ndinkagona.

Nditawaimbira amayi anga ku Dedza, anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati, "Mwanawe, nyumba imene imakudwalitsa usiku, ukatuluka n'kupeza bwino, imeneyo ili ndi mwini wake. Munali ndani m'menemo?" Nditatchula mphaka anakhala chete kanthawi. Kwathu mphaka ndi wa kunkhokwe. Ntchito yake ndi makoswe, amadya makombo, sagona pabedi la munthu, ndipo mphaka wachilendo akalira padenga usiku pali anthu amene sagonanso mpaka tambala atalira. Amayi anangoti, "Uwaitane abusa, usachedwe."

Sindiwapeputsa amayi pa zimenezi, ndipo sindikondwa ndikamamva anzanga ophunzira akuseka makolo awo. Amayi anaona bwino. Anazindikira kuti matendawo ali ndi nthawi yake, ali ndi malo ake, ndiponso kuti gwero lake ndi amene anakhalamo ine ndisanabwere. Dokotala wanga kuno anandifunsa mafunso atatu omwewo, mwina m'ndondomeko yomweyonso. Amayi ndi dokotala anasiyana pa funso lachinayi lokha. Kwa amayi, chimene chatsala m'nyumba chili ndi cholinga, chikukufuna iweyo. Kwa dokotala, chimene chatsalacho sichikudziwa n'komwe kuti uliko.

Mphaka aliyense, waubweya wautali kaya waufupi, amapanga puloteni ina pakhungu ndi m'malovu, imene akatswiri anaitcha Fel d 1. Akamadzinyambita amaipaka thupi lonse, ikauma n'kumayoyoka limodzi ndi timfundu ta khungu. Tina mwa timfunduti n'tating'ono zedi moti tsitsi la munthu limatiposa kunenepa kakhumi. Sitigwa pansi msanga, timayandama mumpweya kwa maola, ndipo tikatera timamatirira: pakhoma, pamakatani, pamwamba pa zitseko, m'kati mwa kapeti ndi m'chinkhupule chimene amayala pansi pake. Mu 1989 madokotala a ku Johns Hopkins ku Baltimore, mmodzi mwa iwo Robert Wood, anayeza fumbi la m'nyumba 15 zimene amphaka anali atachotsedwamo. Patatha masabata 20 mpaka 24, nyumba 8 zokha ndi zimene zinafanana ndi nyumba zopanda mphaka, ndipo kumene puloteniyo inatsika msanga n'kumene eni ake anachita kuyeretsa mwamphamvu, mpaka kuchotsa makapeti. Kafukufuku wina wa ku America, amene anatuluka mu 2004, anayeza nyumba 831 n'kupeza puloteni ya mphaka ndi ya galu pafupifupi m'nyumba iliyonse, chikhalirecho nyumba zimene munali ziwetozo sizinkafika ndi theka lomwe. Imayenda pamajuzi a anthu, imakwera basi, imalowa m'kalasi ndi m'tchalitchi.

Payokha puloteniyi si poizoni. Anzanga akabwera kudzacheza ankakhala pakapeti yomweyo, ana awo n'kumakwawapo, osamva kanthu. Vuto lili m'thupi mwanga. Asilikali a m'thupi, amene ntchito yawo ndi kulimbana ndi tizirombo, mwa ine anailemba puloteniyi m'gulu la adani, n'kuisulira zida zimene madokotala amazitcha IgE. Ikangolowa m'mphuno zidazo zimaizindikira, maselo ena amakhuthula histamini, ndiye m'mphuno mumatupa, mamina amachucha, timinofu tozungulira njira za mpweya timakungika. Chimene chingandiphe usiku wina ndi nkhondo imene thupi langa limamenya ndi chinthu chosalakwa.

Nditamvetsa zimenezi ndinakumbukira za ku Neno. Mu Januwale 2016 mphenzi inapha mtsikana wa zaka 17 kumeneko, ndipo anthu anagwira okalamba anayi n'kuwapha, akuti ndiwo anaitumiza. Lamulo loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti lilipo kuyambira 1911, koma silinawapulumutse agogo amenewo. Mudzi umene wagwidwa ndi mantha umachita zimene chifuwa changa chimachita. Ululu umakhala weniweni, chikondi cha pa womwalirayo chimakhala chenicheni, koma mphamvu zonse zodzitetezera zimagwera pa amene sanachite kanthu, ndipo mudziwo umadzivulaza wokha kuposa mmene mphenzi inauvulazira. Yesu anakumana nalo funso lomweli. Pa Yohane 9 ophunzira ake ataona munthu wobadwa wosaona anafuna kudziwa ngati wochimwa anali iyeyo kapena makolo ake, ndipo iye anakana zonse ziwiri. Pa Luka 13 anatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, n'kukana kuti anali oipa kuposa anzawo a mu Yerusalemu. Ndimakhulupirira kuti chimodzi mwa zinthu zolemera zimene chikhristu chinayenera kutipatsa ndi ufulu wolira popanda kuloza munthu chala, ndipo zimandipweteka kuona kuti m'mipingo yathu yambiri masiku ano mneneri ndiye amathandiza kuloza.

Komabe ndikalekera pamenepa ndiye kuti ndanena theka. Kunena kuti palibe wolakwa n'kosavuta, ndipo anthu amene ali ndi udindo amakonda kwambiri mawu amenewa. Ine ndinabanika ndithu, ndipo chimene chinandibanikitsa chinachokera m'moyo wa munthu wina. Kodi munthu amene wavulaza mnzake mosadziwa, mosafuna, pongokhala moyo wake wa tsiku ndi tsiku, alibe nazo kanthu?

Agogo athu anali ndi yankho lawo m'chiphunzitso cha mdulo, kapena kuti tsempho. Ankati mayi amene ali kumwezi asathire mchere m'ndiwo, banja lidziletse pamene mwana ali kuchinamwali kapena maliro asanamete, bambo amene ali ndi khanda m'nyumba asayendeyende. Wina akaphwanya, amene ankadwala ndi wofooka wa m'nyumbamo: kutupa masaya ndi mapazi, kutsokomola, kuwonda. Ine sindikhulupirira kuti mchere umachita zimenezo. Ana ambiri otupawo ankasowa chakudya chomanga thupi, ena anali ndi chifuwa chachikulu, ndipo amayi ambiri anasenza mlandu wosakhala wawo. Koma m'kati mwa chiphunzitsocho muli nzeru imene sindifuna kuitaya. Wodula mnzake sankakhala mdani ayi, kawirikawiri ankakhala amene amamukonda kwambiri wodwalayo. Agogo ankadziwa kuti thupi la munthu silithera pakhungu lake, kuti zimene umachita m'chipinda chako zimakafika m'thupi la wina, ndipo kuti wamphamvu ayenera kusamala chifukwa cha wofooka. Mankhwala a mdulo ankayamba ndi kuulula. Mfiti ankaithamangitsa, koma wodula ankamukhazika pansi kuti anene zimene zinachitika, mwana athandizidwe.

Baibulo nalo lili ndi mutu wathunthu wa nkhani ngati imeneyi, umene ambiri timaudumpha powerenga. Kumapeto kwa Levitiko 14 kuli malamulo a nyumba yodwala, imene m'makoma mwake mwatuluka mawanga obiriwira kapena ofiirira. Lamulolo linaperekedwa poyembekezera kuti anthuwo akalowa m'dziko la Kanani, kumene nyumba zambiri zimene anakakhalamo anamanga ndi anthu ena. Ndinaliwerenga mobwereza masiku amene ndinkagona chokhala aja, ndipo ndinadabwa kuona kuti m'ndime zonsezo wansembe safunsa kuti wachimwa ndani. Ntchito yoyamba ili ndi mwini nyumba: apite akanene zimene waona, ngakhale akudziwa kuti kunenako kungamugwetsere nyumba. Wansembe asanalowe, katundu amayamba watulutsidwa kuti asaweruzidwe limodzi ndi makoma, chimene ndi chifundo kwa munthu wosauka. Nyumba imatsekedwa masiku asanu ndi awiri. Mawanga akafalikira, miyala yodwalayo imagumulidwa n'kukatayidwa kunja kwa mudzi, makoma onse amapalidwa m'kati, amaikapo miyala ina n'kumata dothi latsopano. Zikabwereranso, nyumba yonse imagwetsedwa. Amene wagonamo kapena kudyeramo amachapa zovala zake. Mwambo wa mbalame ziwiri, mtengo wa mkungudza ndi hisope umabwera pomaliza, kupala ndi kumata kutatha. Pa Deuteronomo 22 pali lamulo lina lalifupi lauzimu womwewo: womanga nyumba aike kakhoma kotchinga m'mbali mwa denga, kuti wina akagwa magazi asakhale pa nyumbayo. Womangayo sanakankhe munthu, mwina wogwayo sanamuonepo n'komwe, koma Mulungu amamufunsabe za kakhomako.

Amene anandiuza za mwini mphaka uja ndi mayi wachikulire woyandikana naye nyumba, Mmwenye wobadwira ku Limbe, mmodzi mwa Amwenye ambiri a ku Malawi amene anadzakhazikika mu Leicester m'zaka za m'ma 1970. Chichewa akuchidziwabe, ndipo tsiku limene anandimva ndikulankhula pafoni panja anatuluka ndi supuni m'manja. "Mwana wanga, kwanu n'kuti?" Anandiuza kuti m'nyumba mwanga munkakhala gogo wina wachizungu, wamasiye, ndi amphaka awiri. Ana ake anali kutali. Ankawalankhula amphakawo tsiku lonse, mawu ake n'kumamveka kudzera m'khoma. Atagwa pamasitepe anamutengera kunyumba yosungira okalamba, amphakawo n'kupita kumalo osungira ziweto zosowa eni. Mayi wa ku Limbeyo anawonjezera kuti m'Chisilamu mphaka ndi nyama yoyera, madzi amene wamwako sadetsedwa, ndipo mmodzi mwa anzake a Mtumiki, Abu Hurairah, dzina limenelo analipatsidwa chifukwa cha kamphaka kamene ankayenda nako. Anandimvera chisoni, koma sanafune kuti ndiwanenere zoipa amphakawo, ndipo ndinaona kuti akunena zoona.

Nyumba zosungira okalamba ngati imene anapitako gogo uja ndi zimene ndimagwirako ntchito. Ndawaonapo anthu ofika kumene, sutikesi imodzi m'manja mwa mdzukulu, ndipo ambiri chimene amalira usiku woyamba si mipando kapena dimba, ndi chiweto chimene asiya. Okalamba ena amene nzeru zayamba kuwathawa timawapatsa zidole za amphaka zoyendera mabatire, zimene zimalira ndi kunjenjemera ukazisisita, ndipo munthu amene wakhala tsiku lonse osalankhula amayamba kuchiuza chidolecho nkhani. M'dziko lino muli amphaka oweta oposa 10 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo akugwira ntchito imene kwathu amagwira adzukulu ndi anansi. Choncho ubweya umene ndinakoka kuseri kwa hita uja unali chotsalira cha chinthu chimene chinasunga munthu wosungulumwa kwa zaka zambiri. Chomwe chinampatsa iye mphamvu yodzuka m'mawa ndicho chinandilanda ine mpweya. Ndayesa kupeza njira yoti chimodzi mwa ziwirizi chifafanize chinzake, koma zonse ndi zoona ndipo zikhala choncho. Mu 2025 nyumba ya malamulo kuno inakhazikitsa lamulo la anthu a lendi limene likuti mwini nyumba asakanize munthu kuweta chiweto popanda chifukwa chomveka. Lamuloli lichulukitsa nyumba zimene ine sindingagonemo, koma ndikugwirizana nalo, chifukwa ndikudziwa zimene kusungulumwa kumachita m'thupi la munthu.

Mphaka alibe mlandu, gogo uja alibe mlandu. Pali munthu mmodzi yekha amene ndili naye mawu, ndiye amene anatseka kabowo kapachitseko kaja n'kupakapo penti. Pa mapepala amene ndinapatsidwa posaina panali satifiketi ya gasi, ya magetsi, ndi ina yosonyeza mmene nyumbayo imasungira kutentha, koma panalibe mzere ndi umodzi womwe wonena kuti munkakhala ziweto. Nditakadandaula, yankho linali lakuti, "Simunafunse." N'zoona sindinafunse, ndipo iwo sananame. Koma pa Levitiko 19 pali lamulo loletsa kuika chopunthwitsa patsogolo pa munthu wosaona, ndipo aphunzitsi achiyuda kuyambira kale ankalimasulira kuti likukhudzanso kusocheretsa munthu pa nkhani imene iye sangathe kuiona yekha. Wolowa m'nyumba yatsopano ndi wosaona pa mbiri ya nyumbayo. Amene akudziwa ndiye ali ndi maso, ndipo kukhala chete kwake ndi mwala umene wausiya panjira. Mlanduwu ndi waung'ono, sindikuufanizira ndi kupha munthu, koma ndi wokhawo m'nkhani yonseyi umene ukanapeweka ndi chiganizo chimodzi.

Mwini nyumba anavomera kuti tichotse kapeti ya kuchipinda ndi pabalaza. Loweruka lina amayi a kumpingo kwathu kuno anabwera ndi zidebe, zitenje m'chiuno, ndipo anandithamangitsira panja chifukwa kapeti ikamang'ambidwa fumbi lake ndiye limakwera kwambiri. Ndinkaonera pawindo. Chinkhupule cha pansi chinali chitafumbwa, chikungoyoyoka m'manja, ndipo pansi pake panatuluka matabwa akale abwinobwino. Anatsuka makoma kuyambira kudenga, pamwamba pa zitseko, m'mashelefu, kuseri kwa mahita ndi burashi yaitali. Makatani akale anapita kudzala. Zofunda ndimachapa ndi madzi otentha madigiri 60, huva ndinagula yokhala ndi sefa ya HEPA chifukwa ina wamba imangotulutsira timfundu tija kumbuyo, ndipo dokotala anandiwonjezera inhela ina yopopa tsiku lililonse kuti njira za mpweya zisamatupe. Sizinathe tsiku limodzi. Zinapita zikuchepa, mwezi ndi mwezi, monga anapezera a ku Baltimore aja.

Madzulo a tsiku lotsukalo abusa anabwera, monga amayi anafunira. Ataima pabalaza pamatabwa onyowa anandifunsa, "Mayi, tipempherere chiyani?" Funso limenelo ndinaliyamikira, chifukwa alipo atumiki amene akanayamba kudzudzula mizimu asanamve n'komwe nkhani. Ndinawapempha kuti tithokoze chifukwa cha denga, tipempherere chifuwa changa, ndiponso gogo uja kumene ali. Nditawafotokozera amayi pafoni anafunsa ngati abusa anathamangitsa zoipazo, ndipo ndinawauza kuti zoipazo zinatuluka m'zidebe. Anati bola zatuluka. Ine ndimaona kuti kudalitsa nyumba ndi kuvomera pamaso pa Mulungu kuti walandira chinthu chimene sunapange, chokhala ndi mbiri imene sunalembe. Pemphero loona munthu aliyense amene anakhalamo kale ngati mdani limaphunzitsa mtima mantha, ndipo mantha amenewo sathera pamakoma, tsiku lina amakagwera pa gogo wa m'mudzi.

Funso limene linatsala ndi lolunjika kwa Mulungu mwini: n'chifukwa chiyani analenga thupi lotha kulakwitsa chonchi? Chimene chinandithandiza ndi kudziwa ntchito yeniyeni ya IgE. Zida zimenezi zinatulukiridwa m'zaka za 1966 ndi 1967, ndi Kimishige ndi Teruko Ishizaka ku Denver komanso Gunnar Johansson ndi Hans Bennich ku Uppsala, ndipo akatswiri ambiri amaona kuti ntchito yake yaikulu ndi kulimbana ndi njoka za m'mimba ndi tizirombo tonga ta likodzo. Ku Gabon anapeza kuti ana amene ali ndi likodzo sachita ziwengo kawirikawiri akayezedwa ndi nthata za m'fumbi, poyerekeza ndi anzawo opanda likodzo. Ine ndinakula ndikusamba kudambo, ndikuyenda wopanda nsapato m'munda. Mlonda amene akundivutitsa ku Leicester ndi yemwe anandilondera ndili mwana, pamene adani anali enieni. Sindingapemphe kuti akanapanda kukhalapo. Ndimangovomereza kuti m'dziko lino mphatso ndi chilonda zimatha kutuluka pamalo amodzi, m'thupi limodzi, ndipo kukhulupirira Mulungu sikundichotsera zimenezo, kumangondiletsa kuzisandutsa chidani.

Palinso china chimene ndiyenera kuchiika pamlingo. Kwathu pabwinja ndi pamene pamabereka maungu ndi chimanga chonenepa, chifukwa cha phulusa ndi zinyalala za anthu amene anasamuka, ndipo mango amene ana amathyola pamenepo anabzala ndi munthu amene dzina lake laiwalika. Kuseri kwa nyumba yanga kuli mtengo wa maapozi. M'bafa muli chitsulo chogwirira chimene anaikira gogo uja, ndipo chinandithandiza pamene ndinabinya phazi. Zonsezi ndinazilandira osafunsa kuti wasiya ndani. Munthu amene amadya za pabwinja mosathokoza alibe pogwira akafuna kutemberera eni bwinjalo chifukwa cha munga umene wamulasa.

Inenso ndikusiya zanga m'nyumba muno. Ndimaphika nsinjiro kawirikawiri: mu sipinachi, mu nkhwani ndikaupeza, m'phala la m'mawa. Mtedza ndimakazinga ndekha n'kuugaya pa kamakina, ndipo kaufa kake kamauluka m'khitchini monse. Ofufuza a ku King's College London anapeza kuti m'nyumba zimene anthu amadya mtedza, puloteni yake imapezeka m'fumbi, ngakhale la pabedi, ndiponso kuti makanda okhala ndi chikanga amene amakulira m'fumbi lotere amakhala pachiopsezo chachikulu choti thupi lawo liyambe kudana ndi mtedza. Kuno pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 50 ali ndi vuto limeneli, ndipo kwa ena mwa iwo kachidutswa kamodzi n'kokwanira kuitanitsa ambulansi. Chakudya chimene amayi anandilera nacho, chimene chimandikumbutsa kwathu m'nyengo yozizira, chingakhale kwa mwana wa munthu wina chimene mphaka uja anali kwa ine. Nsinjiro sindisiya, monganso sindikanamuuza gogo uja kuti asiye amphaka ake.

Tsiku limene ndidzachoke ndidzatsuka makabati ndi makoma a kukhitchini ndi sopo, chifukwa puloteni ya mtedza imachoka bwino pamalo olimba. Kenaka ndidzalemba kalata ziwiri zofanana, ina ya mwini nyumba, ina ndidzaisiya m'dirowa ya masupuni pamene wolowa sangaiphonye. Ndidzalemba kuti muno munkaphikidwa mtedza kwambiri, kuti ine ndisanabwere munakhala amphaka awiri kwa zaka zambiri, ndi kuti kapeti ya kuchipinda ndi pabalaza tinachotsa koma ya pamasitepe ndi yakale ija, choncho munthu wa mphumu ayambe wakambirana ndi mwini nyumba za kapeti imeneyo asanasaine.